Mmene ndinayambiranso kuthamanga nditasamukira ku Tete

Izi ndikulembera anzanga amene mwasamukira kuno ku Tete kapena mukukonzekera kubwera, makamaka azimayi anzanga amene kumudzi munazolowera kudzuka mmamawa nkukathamanga koma chifikireni kuno nsapato zangokhala kunsi kwa bedi. Ineyo ndinadutsamo, ndipo zinanditengera miyezi yambirimbiri kuti ndibwerere pamsewu, nde ndati ndifotokoze mmene zinayendera mwina wina zingamufupikitsire ulendo.

Ku Lilongwe kuthamanga sinali nkhani yoganizira. Tinali ndi kagulu kathu, kukumana cha mma 5 koloko, kuzungulira mbali ya ku Bingu Stadium nkubwerako, Loweruka kutalikitsako pang'ono. Sindinayambe chifukwa chofuna shepu ayi, kwathu BP ndi ya kumtundu, mayi anga amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, azakhali anga inawagwetsa mpaka mbali imodzi inafa, nde ine ndinati olo ndichiteko mbali yanga. Bambo a kunyumba atapeza ntchito ku Moatize, tauni ya migodi ya malasha pafupi ndi tauni ya Tete, tinalongedza katundu, kutulukira pa Dedza, kulowa pa Calómuè, kudutsa Angónia kozizira bwinobwino, kenako galimoto inayamba kutsika. Kutsika, kutsikabe, mitengo ikusintha, milambe ikuchuluka, mphepo yolowa pawindo ikubwera yotentha. Tinafika mu Okutobala, nyumba tinapeza ya lendi ku Matundo, tsidya lino la Zambezi.

Abale, anthu akamati ku Tete kumatentha musamayerekeze ndi Okutobala wa ku Lilongwe. Amene anakhalako ku Nsanje kapena ku Chikwawa ndi amene angamve zimene ndikunenazi. Lilongwe ili pamwamba, mamita opitirira 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe tauni ya Tete ili pansi mchigwa cha Zambezi, mamita osafika ndi 200 omwe, yozunguliridwa ndi timapiri tamiyala. Okutobala ndi Novembala kufika madigiri 40 kapena kupitirira si nkhani yodabwitsa, ndipo chimene chimapweteka kwambiri nchoti usiku sikuzizira, makoma amakhala akutulutsabe kutentha kwa masana, madzi a pampopi kutuluka ofunda, munthu umadzuka utatopa kale.

Titakhazikika pang'ono ndinavala nsapato nkutuluka nthawi yomwe ndinazolowera kwathu, liwiro lomwelo. Ndinkaganiza kuti poti ndachokera kumtunda kubwera kunsi kumene mpweya ndi wokwanira, zikhala zophweka. Sindinapite patali. Mtima unkagunda mpaka kumveka mmakutu, mutu waa, mmaso chidima, ndinakhala pamwala mmbali mwa msewu ana a sukulu akundiyang'ana, nkubwerera kunyumba ndikuyenda pang'onopang'ono. Ndinayesanso kangapo, zomwezo. Kenako ndinangosiya.

Koma kunena chilungamo kutentha kokha sikukanandisiyitsa miyezi yonse ija. Chimene chinandimanga kwambiri nchoti kunalibe wondidikira pamphambano. Kwathu ukagonereza foni imalira, wina akufunsa kuti asisi muli kuti kodi tikuzizidwa pano. Kwathu ndinkadziwa nyumba imene ili ndi galu wolusa, pamene pali dzenje, pamene magetsi a mumsewu amayaka, mlonda wa geti lakuti amene amatipatsa moni. Kuno zonsezo panalibe. Misewu sindikuidziwa, Chipwitikizi sindikumva, Chinyungwe ndikungotolako mawu apo ndi apo, nde kutuluka ndekha kuli mdima ndinkaopa, kutuluka kutacha dzuwa landipeza kale. Bambo amachoka mmamawa kubwera usiku, ana ku sukulu, ine tsiku lonse mnyumba ndi fani, kudya, kugona, kuyang'ana pa WhatsApp zithunzi za anzanga a kwathu atamaliza kuthamanga akuseka. Zinkandiwawa kwambiri. Thupi linayamba kulemera, tulo kuvuta, ndipo nditapita kukayezetsa BP inali itakwera kuposa mmene ndinkaidziwira. Amene muli pamenepa pano ndimafuna mudziwe kuti si ulesi. Zimene zinkakudzutsani kwanu zija, anzanu, njira yodziwika, nthawi yoyenera, zinatsala konko ndipo pamafunika kuzipezanso chimodzi chimodzi.

Kwa ine zinayambira kumsika. Ndinkagula mbatatesi ndi manja, kuloza uku ndikuwerenga ma meticais pazala, mayi wogulitsayo anandiyang'ana nkuti, achemwali yankhulani Chichewa, ife ndi a ku Ulongue. Ndinatsala pang'ono kulira. Kwa amene simukudziwa, Ulongue ndi tauni ya ku Angónia, ndipo mchigawo cha Tete muli anthu ambiri oyankhula Chichewa, ku Angónia, Tsangano, Macanga, Chifunde ndi madera ena a mmalire ndi Malawi ndi Zambia, ndipo ambiri mwa iwo ali mtauni muno pa ntchito, pa geni, pa sukulu. Ndinakhala pabenchi pawo tikucheza mpaka nkhani inafika pa BP ija, iwo nkuti mng'ono wawo ndi mphunzitsi, amakhala ku Matundo komweko, amadzuka ndi anzake awiri kukayenda kusanache. Anandipatsa nambala.

Aphunzitsiwo atanditchulira nthawi ndinayesa sindinamve bwino. Hafu 4. Anati amayi, dzuwa la kuno sitilimbana nalo, wofuna kugwira ntchito ya thukuta amagwira lisanatuluke, taonani azimayi opita kumadimba, taonani omanga nyumba. Ndipo ndi zoona, hafu 4 ku Matundo anthu amakhala ali kale pamsewu, ophika buledi atsegula, ma chapa, maminibasi a kuno, ayamba kuitanira, azimayi asenza madengu a kumsika, nde mdima umene ndinkauopa uja unali ndi anthu ake, ine ndi amene sindinkawadziwa.

Poyamba sitinkathamanga, tinkangoyenda koma kwa ndawala. Mumtima ndinkaona ngati ndabwerera mmbuyo kwambiri, munthu woti kwathu ndinkatha ola lathunthu osaima. Koma masabata oyenda aja ndi amene anandionetsa dera lathu, ndinadziwa pamene pali agalu osamangidwa, pamene pali mchenga woti utha kubinya phazi, timisewu timene timakathera kumpanda, pamene pamakhala zidakwa zogona kubala. Amene mwafika kumene yambani choncho, ndipo olo mulibe mnzanu yendani njirayo madzulo dzuwa litapepa, muione ndi maso anu, mupereke moni kwa alonda ndi azimayi a mmaokala, bom dia, boa tarde, basi omwewo amakwanira poyamba. Anthu akazolowera nkhope yanu mantha amachepa kwambiri. Pali agogo ena alonda pa geti la galaja ina, a ku Tsangano, amene mpaka lero ndikadutsa amati mwana wanga lero mwachedwa, ndipo ndikajomba amawaimitsa anzanga kufunsa ngati ndadwala. Zimenezo zimandidzutsa kuposa alamu.

Kenako ndinayamba kusakaniza, kuthamanga mphindi ziwiri, kuyenda imodzi, kuthamanganso. Aphunzitsi ndi anzawo poyamba ankati aaa ife sitingathe zimenezo, koma mmodzi anayamba kunditsatira kenako onse. Chachikulu chimene ndinasintha nchoti ndinasiya kuyang'ana makilomita ndi liwiro pa foni. Ndinkangowerenga mphindi, 20, kenako 30, ndipo liwiro lake linali loti ndizitha kuyankhula chiganizo chonse osadukiza ndi befu. Ngati mukulephera kuyankhula ndiye kuti mwafulumira, chepetsani. Manambala a kwanu aja musamawayerekeze ndi a kuno, angokupwetekani mtima pachabe.

Chifukwa chake ndi ichi. Kukatentha thupi limatumiza magazi ambiri kukhungu kuti kutentha kutuluke, nthawi yomweyo mukutaya madzi ndi thukuta nde madzi a mmagazi akuchepa, mtima umayenera kupopa mofulumira kuti ukwanitse ntchito ziwiri, kudyetsa miyendo komanso kuziziritsa thupi, nchifukwa chake liwiro lomwe kwanu linali lopepuka kuno limakutulutsani lilime. Chosangalatsa nchoti thupi limazolowera. Mukamachita pang'onopang'ono pafupifupi tsiku lililonse, pakatha masiku 10 mpaka 14 thukuta limayamba kutuluka msanga komanso lochuluka, mchere wotayika mthukuta umachepa, madzi a mmagazi amawonjezeka, mtima nkuyamba kugunda modekha. Koma sizitanthauza kuti mu Novembala mudzafika liwiro la kozizira ayi. Olo akatswiri enieni kutentha kumawagonjetsa, mu 2019 pa mpikisano wa dziko lonse ku Doha marathon ya azimayi anaiyamba pakati pa usiku pothawa dzuwa komabe mwa 68 amene anayamba 28 sanamalize, ndipo marathon ya ma Olympics a Tokyo anachita kuisamutsira ku Sapporo pa nkhani yomweyi. Amenewo ndi anthu oti ntchito yawo ndi yomweyo, ali ndi madokotala pambali. Nde inu ndi ine tisadzikakamize.

Nkhani ya madzi ndikhalitsepo pang'ono chifukwa apa mpamene anthu amavulalira. Kumwa kumayamba dzulo lake, osati pamene mwavala kale nsapato. Ine ndikadzuka ndimayang'ana mkodzo, ukakhala wachikasu chopepuka ndimathamanga, ukakhala wofiirira komanso wochepa ndimadziwa kuti lero nlongoyenda basi. Botolo ndimanyamula olo ndikupita mphindi 30 zokha. Koma madzi okha sakwanira ngati mwatuluka thukuta lambiri chifukwa thukuta limapita ndi mchere, ndipo kugugudiza malita ambirimbiri a madzi okhaokha nthawi imodzi kumatha kutsitsa mchere wa mmagazi munthu nkudwala koopsa, nde osamwa mopikisana. Masiku otentha kwambiri ndimasungunula paketi ya ORS, yomwe ija timawapatsa ana akatsegula mmimba, mma farmácia imapezeka, ikasowa mu lita imodzi ya madzi aukhondo ndimathira masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, osasefukira. Amene muli ndi BP, shuga kapena vuto la impso, komanso amene mumamwa mankhwala okodzetsa aja, funsani kaye adokotala musanayambe zowonjezera mcherezi, ine ndinafunsa ndipo anandiuza kuti ndizimwa pokhapokha tsiku loti ndatayadi thukuta lambiri. Ndikabwerako ndimakonda madzi a malambe, kuno malambe ndi osasowa, kapena thobwa lozizira.

Mukamva mutu ukupweteka mogunda, chizungulire, mseru, miyendo kukokana, kapena kumva kuzizira ndi tsembwe pamene kukutentha, imani pompo, pitani pamthunzi mudzithire madzi, tsiku limenelo latha. Koma mnzanu akayamba kuyankhula zosalunjika, kudzandira, kusadziwa kumene ali kapena kukomoka, imeneyo ndi ngozi yoti munthu atha kufa nayo, mthireni madzi ambiri thupi lonse mukumukupiza pamene wina akuthamangira txopela, kagalimoto ka matayala atatu konyamula anthu, kapena galimoto yopita kuchipatala. Musanene kuti apume kaye tione. Ichi ndi chifukwa chinanso chimene ine sindilola kuti wina wa ife azipita yekha miyezi yotentha.

Malungonso alipo. Mchigwa cha Zambezi udzudzu ndi wambiri makamaka nthawi ya mvula, ndipo hafu 4 umakhala udakalipo. Ine anandigwira chaka choyamba, anayamba ngati kutopa wamba, thupi kuphwanya, zofanana ndi mmene umamvera ukathamanga kwambiri. Thupi likatentha musathamange, kayezetseni tsiku lomwelo, malizani mankhwala onse, ndipo pobwerera yambirani kuyenda chifukwa malungo amachepetsa magazi, mphamvu sizibwera tsiku lomwe mwamaliza mapiritsi. Neti ndiye osaisiya olo kutenthe bwanji.

Msewu waukulu ine ndimaupewa. Uno ndi msewu wa matraki, ochokera ku Beira ndi ku Zimbabwe kupita ku Zóbuè kukalowa Malawi, ena a ku Zambia, ena a malasha, nde ndimadutsa timisewu ta mkati mwa ma bairro, madera okhala anthu. Pamene palibe kuchitira mwina khalani mbali yoti galimoto zizibwera kutsogolo kwanu muziziona, poti kuno amayendetsa kumanzere monga kwathu ndiye kuti inu mukhale kumanja, valani choyera kapena chowala, zomvera nyimbo siyani kunyumba. Amene mukukhala ku Moatize fumbi ndi nkhani ina, ngati muli ndi mphumu sankhani njira yotalikirana ndi kumene kumadutsa malasha. Kumtsinje osatsikira kukasamba kumaso olo mutenthedwe chotani, mu Zambezi muli ng'ona, eni dera amadziwa madoko awo, inu simukuwadziwa. Ndipo poti ndinu mlendo mdziko la eni musatuluke opanda chikalata, ine ndimayenda ndi kope ya pasipoti ndi DIRE, chiphaso cha alendo okhala kuno, yodindidwa kwa notário, wotsimikizira zikalata, ndimaika mkapulasitiki kuti thukuta lisaononge, pamodzi ndi kapepala ka nambala ya bambo a kunyumba ndi kandalama ka txopela.

Loweruka timawoloka mlatho wa Samora Machel kupita mtauni nkubwerako. Ndi mlatho wakale, wa kumayambiriro kwa zaka za mma 1970, wolendewera pa zingwe, kutalika kupitirira mamita 700, ndipo chitsegulireni mlatho wa Kassuende mu 2014 matraki olemera amadutsira kumeneko. Kanjira ka oyenda pansi ndi kopapatiza, mumakumana ndi osenza katundu ndi okankha njinga nde pamafunika kupatsana, koma pamwamba pa madzi pamakhala kamphepo kamene mtauni monse simungakapeze. Galimoto ikamadutsa mlatho umanjenjemera pang'ono, tsiku loyamba ndinachita kugwira chitsulo, pano ndinazolowera ndipo sabata yonse ndimakhala ndikudikira Loweruka chifukwa cha malo amenewo.

Zovala ine ndimavala thayiti ndi malaya aatali opepuka, osati akuda. Poyamba ndinkamanga chitenje pamwamba mpaka pokumanirana chifukwa sindinkadziwa kuti anthu azilandira bwanji. Maso alipo, anyamata ena amaponya mawu, koma kawirikawiri chimene amakuwa ndi Mutola, Mutola. Kuno dzina limenelo aliyense amalidziwa, Maria de Lurdes Mutola, mtsikana wa ku Maputo amene anayamba ndi mpira wa miyendo kusewera ndi anyamata kenako nkudzapatsa Mozambique mendulo yake yoyamba ya golide ya ma Olympics, pa mamita 800 ku Sydney mu 2000. Nde mzimayi wothamanga kuno ali ndi pogwira, anthu ali naye wawo amene amamunyadira, ine akandikuwa choncho ndimangokweza mkono nkupitiriza. Nsapato za pa kaunjika zimapezeka zabwino mukasankha modekha, yang'anani kunsi kwake kuti sikunadyeke mbali imodzi, ndipo mukachapa yanikani pamthunzi, dzuwa la kuno limamatula guluu.

Kunyumbanso panafunika kukambirana. Kudzuka 4 koloko kumafuna kugona 9 isanakwane, nde chakudya chamadzulo tinachisunthira msanga, mayunifolomu kusitiratu usiku, madzi osamba kutungiratu. Bambo poyamba sankafuna, mdima, dziko lachilendo, mkazi pamsewu, ndipo sindikuwanena ayi chifukwa anali nacho. Anadzuka nane kundiperekeza mpaka pokumanirana, atawaona aphunzitsi ndi anzawo nkulonjerana nawo, kutenga nambala zawo, mtima unakhala pansi. Azimayi anzanga musazembe, apititseni akaone okha amene mukuyenda nawo.

Ngati mungathe kusankha nthawi yoyambira, yambani pakati pa Meyi ndi Julayi. Miyezi imeneyo mmamawa ku Tete kumakhala bwino, pena mpaka kuvala kajuzi, ndipo mpamene ine ndimatalikitsa maulendo. Ikafika Seputembala ndimayamba kuchepetsa, Okutobala ndi Novembala ndimathamanga masiku ochepa pa sabata, mphindi zochepanso, masiku ena ndimangoyenda kapena kudumpha chingwe pakhonde kusanache. Nthawi ya mvula kutentha kumatsikako koma chinyezi chimakwera, thukuta siliuma pakhungu nde siliziziritsa, musanamizidwe ndi mitambo. Pena timakwera kupita ku Ulongue kwa makolo a aphunzitsi aja, kumeneko ndiye eeh, kuzizira kwa ku Dedza kwenikweni, minda ya mbatatesi, aliyense Chichewa, miyendo imapepuka mpaka umadabwa kuti mphamvu zonsezi zinali kuti, ngakhale zitunda zake zimakukumbutsa kuti wakwera kumtunda.

BP yanga inatsika, ndimakayezetsabe pafupipafupi. Kagulu kathu kanakula, mwalowa azimayi achinyungwe, wina wa ku Beira, timayankhulana zosakaniza ndipo Chipwitikizi chimene ndikudziwa pano chambiri ndinachitolera pamsewu pomwepo tikuthamanga. Chimodzi chimene muyenera kudziwa nchoti kuzolowera kutentha kuja kumatha. Mukapita kumudzi ku Khirisimasi nkukhalako masabata atatu kapena mwezi, pobwera thupi limakhala laiwalako, nde sabata yoyamba musayambire pamene munasiyira, bwererani ku mphindi 20 zosakaniza kuyenda ndi kuthamanga, botolo mmanja, ulendo wachiwiriwu sizitenga nthawi yaitali ngati poyamba paja.